Tsiku Lopita ndi Ana ku Nchito: Tiliyese Bwino

Pali mwambo wina umene unayamba kutali ndipo wafika m'maiko ambiri. Mwambowo uli motere. Tsiku limodzi pa caka, kampani kapena ofesi imalola anchito ake kubwera ndi ana ao. Anawo amazungulira malo onse. Amaona kumene atate kapena amai ao amakhala tsiku lonse, amaona zipangizo, amamva mau a akulu a nchito. Eni mwambowo amati limeneli ndi tsiku la kuphunzira.

Mbeu yacilendo ikabwera, mlimi wanzeru sabzala munda wonse. Amayamba wayesa pa kandime kakang'ono, aone ngati igwirizana ndi nthaka yake. Nafenso tiuyese mwambowu cimodzimodzi. Tifunse mafunso atatu. Ana amene amapitako ndi a yani? Amaphunzirako ciani? Nanga ana otsala kumudzi, tsikuli likuwauza ciani za nchito ya makolo ao?

Kumene mwambowu unacokera

Mu 1993, ku United States, bungwe la amai lochedwa Ms. Foundation for Women linayambitsa tsiku lotenga ana akazi kupita nao ku nchito. Mmodzi wa atsogoleri ake anali mai Marie Wilson. Amaiwo anaona kuti atsikana ambiri akamasinkhuka amayamba kudzikayikira, naganiza kuti nchito zazikulu ndi za amuna okha. Anafuna kuti mtsikana aone ndi maso ake mkazi akuyendetsa nchito. Mu 2003 anayamba kulandiranso anyamata pa tsikulo.

Ku Canada mwambo wofanana nao unayamba mu 1994, wa ana a kalasi 9. Ku South Africa unafika mu 2003, pamene kampani ya matelefoni ya Cell C inayamba kupempha makampani ndi maofesi a boma kuti alandire atsikana a m'makalasi omaliza a sekondale. Tione bwino apa. Ku South Africa sanaitane ana a anchito okha ai. Anaitana atsikana ocokera m'masukulu.

Kwathu ku Moçambique masiku amene timakumbukira ana ndi oyambira pa 1 Juni, Tsiku la Ana, kufikira pa 16 Juni, Tsiku la Mwana wa mu Africa. Pa masiku amenewa malo ena a nchito m'mizinda amaitana ana a anchito ao, nawapatsa cakudya ndi mphatso. Cotero nkhaniyi si ya kutali. Yafika kale pakhomo pathu.

Zabwino zake

Tiyambe ndi kuyamikira, pakuti mwambowu uli ndi zabwino zenizeni.

Coyamba, mwana amaona nchito ya zilembo ndi manambala. Ku sukulu amalemba m'kope, koma kawirikawiri sadziwa cifukwa cake. Tiyeni timutenge mwanayo tipite naye ku siteshoni ya sitima ku Lichinga. Njanji yocokera ku Cuamba ndi ya makilomita 262, ndipo inatsegulidwanso mu 2016 itakonzedwa. Pa siteshoni mwana aona munthu akulemba tikiti, wina akuyesa matumba pa sikelo, wina akuyang'ana nthawi. Onsewo akuwerenga ndi kulemba. Mwanayo azindikira yekha kuti masamu a ku sukulu ndiwo akuyendetsa sitima.

Tipite naye ku cipatala. Aona namwino akulemba kulemera kwa khanda pa khadi la sikelo. Aona munthu akuyang'ana kadontho ka magazi pa makina okuza zinthu, napeza tizilombo ta malungo timene maso paokha sangatione. Tipite naye ku malo ofufuza za ulimi a IIAM ku Lichinga. Aona nyemba ndi cimanga za mitundu yosiyana zobzalidwa m'tindime, ndime iliyonse ndi cikwangwani cake, ndipo wina akulemba kuti mtundu uti wabereka bwino. Tipite naye ku nyumba ya wailesi ya Rádio Moçambique. Amva munthu akuwerenga nkhani m'Cinyanja, m'Ciyao kapena m'Emakhuwa, nadziwa kuti cinenero ca amai ake naco cimalembedwa.

Caciwiri, mtsikana amaona njira. Kalembera wa 2017 anapeza kuti mwa akulu 100 a m'dziko lathu, 39 sankadziwa kuwerenga ndi kulemba. Mwa amuna 100 anali 27, koma mwa akazi 100 anali 49. Kusiyana kumeneku kumayamba pa ubwana, pamene mtsikana acotsedwa ku sukulu kuti alere ana kapena akwatiwe. Lamulo la 2019 linaletsa ukwati wa munthu wosakwana zaka 18. Koma lamulo palokha silipatsa mwana cifukwa cokhalira pa sukulu. Iye afunika kuona kumene sukulu ingamufikitse. Mai Graça Machel anali nduna ya maphunziro kuyambira 1975 mpaka 1989. Mai Luísa Diogo, wa ku Tete, anali nduna yaikulu kuyambira 2004 mpaka 2010. Mu 2020 mai Elina Judite Massengele analowa udindo wa bwanamkubwa wa Niassa. Maina amenewa mtsikana amangowamva pa wailesi. Koma akaona mkazi wa kwao komweko akukonza magetsi kapena akuyesa magazi, amati mumtima mwake: nanenso ndingathe.

Zimenezi ndi zabwino. Tsopano tinene zimene zikutidetsa nkhawa.

Ana a yani?

Niassa ndi cigawo cacikulu kuposa zonse m'dziko lathu, ndipo mu 2017 munali anthu pafupifupi 1.8 miliyoni. Ambiri mwa iwo salandira malipiro a pa mwezi. Amalima cimanga, nyemba, mbatata ya kacewere ndi fodya. Amasodza ku Metangula, ku Meponda ndi ku Cóbuè. Amagulitsa pa msika. Amaocha makala, amaumba njerwa. Anthu a m'maofesi ndi m'makampani ndi ocepa.

Tsono kampani ikanena kuti anchito abwere ndi ana ao, ndani alowa pa cipata? Alowa mwana wa kalaliki, mwana wa namwino, mwana wa dalaivala. Ana amenewa sanalakwe kanthu. Koma tinene zoona: iwo ali nazo kale zambiri. Kunyumba kwao kuli buku. Amamva Cipwitikizi tsiku ndi tsiku. Amadziwa kale kuti ofesi n'ciani, pakuti atate ao amakamba za kumeneko pa cakudya ca madzulo. Mwana wa mlimi wa ku Sanga kapena wa msodzi wa ku Meponda, amene sanaonepo mkati mwa ofesi, ndiye amene tsikulo likanamuthandiza koposa. Koma iyeyo ndiye atsala kunja.

Ngakhale mkati mwa kampani momwemo muli kusiyana. Muli anchito okhazikika, mulinso aganyu amene amalembedwa pa nyengo yobzala mitengo kapena yonyamula katundu. Muli alonda, muli osesa. Kodi ana a anthu amenewa aitanidwa? Ngati aitanidwa, kodi nchito ya kholo lao ionetsedwa ndi ulemu? Mwana akaona kuti onse akuombera m'manja bwana koma palibe amene wachula dzina la atate ake amene amasesa, aphunzira phunziro loipa: kuti atate ake ndi munthu wacabe.

Mvula ikagwa pa dambo pokha, mtunda ukhalabe wouma. Tsiku lotere, likasiyidwa monga liliri, lionjezera kwa amene ali nazo. Mwana wa mu ofesi adzalowa mu ofesi, mwana wa kumunda adzatsala kumunda osadziwa kuti panali njira ina. Makolo athu anati: mwana wa mnzako ngwako yemwe, ukacenjera manja udya naye. Namwino amene adzatisamala pa ukalamba wathu mwina lero ndi kamtsikana kamene kakutunga madzi kumudzi. Tikamutsekera cipata, tadzitsekera tokha.

Phwando si phunziro

Cacikulu cina ndi ici. Tsiku lotere limasanduka phwando mosavuta. Ana avekedwa malaya olembedwa dzina la kampani. Apatsidwa zakumwa ndi mabisiketi. Mkulu wa nchito alankhula nthawi yaitali. Ajambulidwa zithunzi. Madzulo abwerera kunyumba. Tikawafunsa kuti mwaphunzira ciani, ayankha kuti tadya bwino.

Kudyetsa ana si kulakwa. Koma tisache cakudya kuti maphunziro. Amene wapindula pamenepo ndi kampani, cifukwa dzina lake lamveka ndipo zithunzi zake zaoneka. Mwana wangokhala cokometsera.

Ife tonse tidziwa kuti kuphunzira kumayenda bwanji, pakuti tikuphunzira. Palibe amene anadziwa cilembo pongociyang'ana pa bolodi. Tinagwira pensulo, dzanja linanjenjemera, tinalakwa, tinafuta, tinalembanso. Mwana nayenso ndi cimodzimodzi. Ngati sanagwire kanthu, sanafunse kanthu, sanayese kanthu, ndiye kuti wangoyenda ulendo. Paja amati safunsa anadya phula. Tsiku limene mwana saloledwa kufunsa si tsiku la kuphunzira.

Palinso nkhani ya cinenero. Kalembera wa 2017 anaonetsa kuti anthu amene cinenero cao coyamba ndi Cipwitikizi anali pafupifupi 17 mwa 100. Koma m'maofesi zonse zimalankhulidwa m'Cipwitikizi. Mwana wolankhula Cinyanja kapena Ciyao akalowa m'menemo amangoti cete, maso pansi. Akulu aganiza kuti ndi wamanyazi kapena wopanda nzeru. Iye sanamve basi. Tikumbukire ciyambi ca tsiku la 16 Juni. Pa tsiku limenelo mu 1976, ana a sukulu a ku Soweto anayenda m'miseu kukana kuphunzitsidwa m'cinenero ca Afrikaans, ndipo apolisi anawaombera. Nkhani ya cinenero si yaing'ono. Dziko lathu linayesa kuphunzitsa ana m'Cinyanja ku Tete kuyambira 1993 mpaka 1997, ndipo mu 2003 linayamba maphunziro a zinenero ziwiri m'masukulu ena. Ngati sukulu ingathe kulankhula ndi mwana m'cinenero cake, ofesi ingalephere bwanji kwa tsiku limodzi?

Kodi kumunda si ku nchito?

Tsopano tifike pa nkhani imene itikhudza ife a kumudzi. Eni mwambowu amati tenga mwana wako upite naye ku nchito. Mau amenewa anabadwira kumene kholo limacoka m'mawa, kupita ku malo amene mwana sanawaonepo. Kwathu si cotero. Ana athu amaidziwa nchito yathu kuyambira ali kumbuyo kwa amai ao. Mtsikana adziwa kusankha mbeu, kupeta, kusunga nyemba kuti zisafumbwe. Mnyamata wa ku nyanja adziwa kusoka ukonde, kuyanika usipa, kuzindikira mphepo ya mwera isanafike. Ameneyu ndi maphunziro, ndipo aphunzitsi ake ndinu, amai ndi abambo.

Coopsa n'cakuti tsiku la ku ofesi lingauze ana kuti nchito yeniyeni ndi ya pa tebulo yokha, ndipo khasu ndi ngalawa ndi za anthu olephera. Bodza limeneli si latsopano. Pa nthawi ya atsamunda, pamene Lichinga inali kuchedwa Vila Cabral, munthu wakuda wolima munda wake ankayesedwa wosagwira nchito, natengedwa kupita ku cibalo kapena kukakamizidwa kulima thonje. Tisalole kuti ana athu aphunzire kunyoza dzanja limene liwadyetsa. Kalaliki wa ku Lichinga amadya nsima ya cimanga ca mlimi ndi ndiwo za msodzi.

Dziko litalandira ufulu mu 1975, masukulu ambiri anali ndi minda yao, ndipo ana ankaphunzira ndi kulima pamodzi. Akulu ena pakati pathu akumbukira. Phunziro la nthawi imeneyo ndi lomveka. Pamene mphunzitsi anafotokoza cifukwa cobzalira m'mizere, nawerengetsa ana matumba okolola, anawo anaphunzira. Pamene anangowapatsa makasu nakhala pa mthunzi, anawo anangotopa.

Apa tiyenera kudziyang'ana nafenso. Kuphunzitsa mwana nchito ndi kwina, kumugwiritsa nchito ndi kwina. Mwana amene athandiza kumunda Loweruka, napita ku sukulu Lolemba, akuphunzira. Mwana amene wajomba sukulu mwezi wathunthu cifukwa ca kukolola akubedwa. Nchito zina siziyenera mwana konse. Tsamba la fodya likakhala lonyowa ndi mame kapena mvula, ululu wake umalowa pa khungu. Munthu amamva cizungulire, mutu, nseru, nasanza. Thupi la mwana ndi laling'ono, cotero iye amavutika koposa. Mankhwala opopera m'munda, maenje okumba golide, kusodza usiku pakati pa nyanja, zonsezi si sukulu ai. Mu 2003 dziko lathu linavomereza mapangano awiri a bungwe la ILO, la 1973 lonena za msinkhu woyambira nchito ndi la 1999 loletsa nchito zoopsa kwa ana. Tsiku la 12 Juni, limene linakhazikitsidwa mu 2002, ndi lokumbutsa zimenezi. Lamulo la maphunziro la 2018 likuti mwana aliyense aphunzire kuyambira kalasi 1 mpaka kalasi 9. Sitingadzudzule kampani cifukwa cotsekera mwana wathu cipata, pamene ife tomwe tamutsekera khomo la sukulu.

Tingaukonze bwanji?

Sitikunena kuti mwambowu utayidwe. Tikunena kuti ukonzedwe kuti ukwanire ana onse. Nazi njira zisanu ndi imodzi.

1. Wanchito aliyense abwere ndi ana awiri: wake, ndi wina amene kholo lake siligwira nchito ya malipiro. Tiwerenge pamodzi. Ngati ofesi ili ndi anchito 20, ndipo aliyense abwera ndi mwana mmodzi, ana ndi 20. Aliyense akatenganso mwana wa mnansi, ana ndi 40, ndipo theka la iwo alowa mu ofesi koyamba. Koposa apo, malo a nchito apangane ndi sukulu ya kumudzi kuti kalasi yathunthu ibwere.

2. Atsikana akhale oculuka mofanana ndi anyamata. Asawaonetse khichini ndi tebulo la mlembi pokha. Awaonetsenso makina, magalimoto ndi magetsi.

3. Nchito zonse zionetsedwe. Mlonda, wosesa ndi waganyu apatsidwe mpata wofotokoza zimene amacita, monga apatsidwira bwana.

4. Pakhale munthu womasulira m'Cinyanja, m'Ciyao kapena m'Emakhuwa. Mwana aliyense afunse funso limodzi, agwirenso kanthu kamodzi kosaopsa: ayese thumba pa sikelo, alembe dzina lake pa fomu, ayang'ane pa makina okuza zinthu.

5. Tsikulo lisadye nthawi ya sukulu. Ku United States komweko aphunzitsi ena anadandaula kuti ana ankajomba pa tsiku limeneli. Kwathu ana amajomba kale cifukwa ca malungo, mvula ndi mtunda wautali. Likhale pa chuthi, kapena likhale phunziro lokonzedwa pamodzi ndi mphunzitsi. Ndalama zogulira malaya a tsiku limodzi zingagule makope ndi mapensulo a miyezi yambiri.

6. Ulendo ukhale wa mbali ziwiri. Ana a ku Lichinga nao abwere kumudzi. Meponda ili pa mtunda wa makilomita pafupifupi 60 cabe. Aone mmene ngalawa imasemedwera, mmene nkhokwe imamangidwira, mmene mai amadziwira kuti dongo ili liumba mbiya yabwino. Pa tsiku limenelo mlimi ndi msodzi ndiwo aphunzitsi.

Mbali yathu

Mwina wina afunsa kuti, ife tilibe kampani, tilibe ofesi, nanga nkhaniyi itikhudza bwanji? Itikhudza kwambiri. Ife ndife makolo, ndipo tsopano tikudziwa kulemba. Kalasi yathu ingalembe kalata kwa mkulu wa sukulu ndi ku bungwe la makolo la pa sukulupo, kupempha kuti ana athu akaone cipatala, siteshoni kapena nyumba ya wailesi. Amfumu angaikepo dzanja lao. Kalata ya munthu mmodzi itayika msanga, koma cala cimodzi siciswa nsabwe: kalata yokhala ndi maina 30 iwerengedwa.

Ana asanapite, tikhale nao pansi tilembe mafunso. Nchito imeneyi munaiphunzira kuti? Munaphunzira zaka zingati? Cobvuta cake n'ciani? Kodi mkazi angaigwire? Akabwerako, atiwerengere mayankho. Cotero ulendo wa mwana ukhala phunziro la nyumba yonse.

Palinso malo ena amene tingapite nao ana athu popanda kupempha cilolezo kwa bwana aliyense. Malowo ndi kalasi yathu ino. Kampeni yoyamba yophunzitsa akulu kuwerenga m'dziko lathu inayamba mu 1978, ndipo nchitoyo sinathebe. Mwana akaona amai ake, atatopa ndi kumunda, akhala pansi nagwira pensulo, aphunzira cinthu cimene ofesi iliyonse singamuphunzitse. Adziwa kuti sukulu ndi ya mtengo wapatali, pakuti ngakhale akulu akuifuna.

M'mera mpoyamba. Cimene mwana aona ali wamng'ono ndico cimene adzaciyesa cotheka. Cifukwa cake tikuti: zipata za nchito zitsegulidwe, koma zitsegulidwe kwa ana onse, ndipo ana akatulukamo asanyoze khasu la makolo ao.

Mafunso okambirana

1. Ndi malo ati a nchito amene ali pafupi ndi mudzi wathu? Ana athu analowamo kale?
2. Ndi nchito ziti za kwathu zimene mwana angaphunzire popanda kubvulala kapena kujomba sukulu? Ndi ziti zimene siziyenera mwana?
3. Ana a mu mzinda akabwera kwathu, tingawaphunzitse ciani?
4. Tilembe pamodzi kalata ya mizere isanu yopempha kuti ana a mudzi wathu akaone malo amodzi a nchito.